Mlandu wakupha wopanda mboni yoona ndi maso

Bambo wina wa ku Biriwiri m'boma la Ntcheu, amene anapuma pantchito yofufuza milandu, sachedwa kupsa mtima akamva munthu akunena kuti mlandu wakupha sungapite patali ngati palibe amene anaona ndi maso. Akuti ndi chigawenga chanji chimene chimaitana anthu kuti adzaonerere?

Chitsanzo chimene amakonda ndi mlandu wa Misozi Chanthunya. Mu 2010 thupi la Linda Gasa, mtsikana wa ku Zimbabwe, linapezeka litakwiriridwa pansi pa simenti m'nyumba ina ku Monkey Bay. Chanthunya, amene ankaganiziridwa pa imfayi, anathawira ku South Africa ndipo anabwezedwa kuno mu 2018. Panalibe mboni yonena kuti inaona mtsikanayo akuphedwa, komabe mu Ogasiti 2020 Justice Ruth Chinangwa anamupeza wolakwa, kenako n'kumugamula kukakhala kundende moyo wake wonse. Chinamumanga ndi zinthu zolumikizana: malo amene thupi linapezeka, mayendedwe a awiriwo m'masiku otsiriza, ndi zimene madokotala anaona pathupilo.

Lamulo la umboni wolumikizana chotere si lalitali. Makhoti a ku South Africa analiyala bwino pa mlandu wa Blom mu 1939, ndipo akuno amayendera mfundo yomweyo. Zonse zimene zatsimikizika ziloze munthu mmodzi, ndipo pasatsale tanthauzo lina lomveka limene lingamutulutse. Mkuluyu amaufanizira umboni wotere ndi mpanda wa mbuzi: ungakhale ndi mitengo yolimba chotani, pakatsala mpata umodzi mbuzi imatulukira pomwepo.

Za kujambula zithunzi ndi kulemba sitetimenti iwo safuna kutayapo nthawi, akuti aliyense wochokera ku sukulu ya apolisi amazidziwa. Pamene pali ntchito ndi pa nthawi. Kumudzi mboni sinena kuti inali 6 koloko. Imati ng'ombe zinali zikulowa m'khola, kapena tambala woyamba anali atalira, kapena basi yomaliza ya ku Lilongwe inali itangodutsa. Wofufuza ayenera kusandutsa zimenezi kukhala maola amene loya sangagwetse. Ng'ombe za ndani? Zimalowa nthawi yanji m'dzinja, nanga m'chilimwe? Mbusa wake tsiku limenelo sanachedwe? Mayi akati anaona malemu akutsika njira ya kudimba ndi woganiziridwa, mkuluyu ankakaima pakhonde pomwe mayiyo anaima, pa ola lomwelo, kuti aone ngati nkhope ya munthu imazindikirika ndi kuwala kotsalako. Nthawi zina chimanga cha m'munda wa pakati chinkabisa njira yonse, ndipo umboni unkathera pomwepo.

Luso limeneli analitenga kwa sajeni wina wachikulire amene anayamba naye ntchito, ndipo akafika pa sajeniyo nkhani siitha. Sajeniyo ankayenda ndi wotchi yosweka galasi ndi kabuku komanga ndi mphira. Ankamuyendetsa njira ya woganiziridwa wapansi, kenako panjinga, kenako usiku, uku akulemba mphindi. Akabwerako ankamukhazika pansi n'kumuuza kuti tsopano akhale loya wa woganiziridwayo, agwetse yekha mlandu umene wamanga. Akalephera kupeza mpata, sajeni ankaupeza, n'kumubweza kumudzi komweko mvula ili pamsana. Sankamutchula dzina, ankangoti mwanawe, ngakhale iye anali kale ndi ana awiri.

Amene amamunyansa mkuluyu ndi ofuna njira yachidule, omenya munthu kuti avomere. Akuti chivomerezo cha chibonga chimagwa m'khoti tsiku loyamba, ndipo nthawi zina chimapha mlandu ndi munthu yemwe. Amakumbutsa za Buleya Lule, amene anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu 2019 akuganiziridwa pa nkhani ya kubedwa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza. Zimene ankadziwa, ngati ankadziwa, anapita nazo kumanda. Gulu lina ndi asing'anga oloza wakupha pagalasi, amene amadya mbuzi ya anamfedwa n'kusiya mudzi utagawanika.

Anamfedwa nawo sawasiya. Amabwera ndi dzina la wolakwa lili kale pakamwa, ndipo ukafunsa za wina amati wadya ndalama. Ena amafulumira kuika maliro dokotala asanapime thupi, pofuna kupulumutsa ufa wa pasiwa. Mboni imalonjeza bwino, koma popeza milandu yakupha imazengedwa ndi High Court, tsiku likafika imafuna ya basi ndi ya nkhomaliro, ndipo kangapo ndalamayo inkatuluka m'thumba mwa mkuluyu.

Ku Biriwiri kuli vuto lina la malo. Msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwa malire, tsidya lake ndi chigawo cha Tete ku Mozambique. Munthu akhoza kulumpha msewu n'kukhala kunja kwa dziko nsima isanapse. Koma mkuluyu amachenjeza kuti kuthawa pakokha sikutsimikiza kanthu, chifukwa wosalakwa naye amathawa akaona gulu lanyamula miyala.

Pempho lake ndi kwa mafumu ndi apolisi akumudzi. Thupi likapezeka, zingani malowo ndi chingwe, anthu aime patali, ndipo musasunthe ngakhale nsapato mpaka ofufuza atafika.