Wakupha amene omvera amamumvera chisoni

Ntchito yanga ndi kulemba masewero a pa wailesi, makamaka aja a milandu, oti munthu wapezeka atafa ndipo wofufuza akusakasaka amene wachita. Ndimalembera pa tebulo lodyera ana akagona, m'kope la mizere, m'mawa n'kukataipa. Sewero la mphindi 30 limandidyera masamba pafupifupi 20. Wofufuza savuta kumuumba: mukam'patsa maso akuthwa ndi kakhalidwe kena kachilendo, watha. Wakufayo naye sachita makani, ntchito yake n'kugona. Amene amandisowetsa tulo ndi wakuphayo.

Nditangoyamba ndinkamulemba ngati chilombo, wa mawu okhuthala ndi kuseka kwa mfiti. Tsiku lina tikuyeserera, agogo ena amene akhala akuchita zisudzo ine ndisanavale nsapato anawerenga gawo lawo, n'kundibwezera pepala. "Mwana wanga, munthu wakoyu amadya chiyani? Amagona kuti? Ine sindingalankhule mawu a munthu wopanda mimba." Ndinati, "Agogo, ameneyu ndi chigawenga basi." Iwo anangoti, "Ndiye kachite wekha," n'kupita kukamwa tiyi.

Yankho ndinalipeza pa mulu wa mabuku akale ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Limbe. Linali buku lopanda chikuto, A Study in Scarlet, limene Arthur Conan Doyle anatulutsa mu 1887. Ndi momwe wofufuza Sherlock Holmes anaonekera koyamba, ndipo Doyle, amene nthawiyo anali dokotala, analandirapo mapaundi 25 okha. Ambiri amaliwerengera Holmes. Ine ndimaliwerengera Jefferson Hope, woyendetsa ngolo ya akavalo yonyamula anthu mu London, amene anapha anthu awiri, Enoch Drebber ndi Joseph Stangerson.

Chinandigwira choyamba ndi ntchito yake. Hope anafika ku London alibe kalikonse, n'kukapempha ngolo kwa mwini wake. Pangano linali loti sabata iliyonse azipereka ndalama yakutiyakuti, yotsalayo ndiyo yake, ndipo kawirikawiri inkatsala yochepa. Wa kabaza aliyense amene njinga si yake akulidziwa panganolo. Misewu ya mzindawo inkamusokoneza mpaka ankayenda ndi mapu. Apa ndi pomwe ndinamva funso la agogo aja. Munthu ameneyu ali ndi mimba, ali ndi bwana, amasochera. Ndipo ntchitoyo ndiyo msampha wake: amene akuwasakawo tsiku lina adzafuna chokwera, nanga ndani amayang'ana nkhope ya woyendetsa?

Chifukwa chake chinachokera ku Utah, ku America. Kumeneko Stangerson anapha John Ferrier, bambo wa bwenzi la Hope, ndipo mtsikanayo, Lucy, anamukwatitsa mokakamiza kwa Drebber. Mwezi usanathe Lucy anamwalira. Hope analowa m'nyumba ya maliro usiku, anavula mphete pa chala cha malemuyo, n'kuyamba kuwalondola anthu awiriwo kwa zaka pafupifupi 20, kudutsa Cleveland, St Petersburg, Paris ndi Copenhagen. Mlandu suwola, ndipo wa Hope unakawapeza kutsidya kwa nyanja.

Taonani mmene Doyle anakonzera kuphako. Drebber ataledzera akukwera ngolo ya Hope osadziwa. Hope akumulowetsa m'nyumba yopanda anthu ku Lauriston Gardens, akuyatsa kandulo, akuikweza pafupi ndi nkhope yake kuti amuzindikire. Kenako akutulutsa kabokosi ka mapilitsi awiri ofanana, lina lapoizoni, lina lopanda kanthu. Drebber asankhe limodzi, lotsalalo ameze Hope. Kwa ife olemba iyi ndi mfundo yakupsa. Munthu amene waika moyo wake pa sikelo imodzi ndi wa mdani wake, owerenga amavutika kumuda. Magazi opezeka m'chipindamo, amene analembera mawu pakhoma, sanali a wakufayo. Anali a kamfuno wa Hope mwini.

Atamumanga maunyolo kunyumba kwa Holmes ku 221B Baker Street n'kupita naye kupolisi, Hope akuuza Dr Watson, mnzake wa Holmes, kuti aike dzanja pachifuwa pake. Watson akumva chifuwa chikunjenjemera: mtsempha waukulu wa magazi watupa, utha kuphulika tsiku lililonse. Pa wailesi zimenezi n'zokoma kuchita. Mumangotenga ng'oma yaing'ono, n'kumaigunda ndi chala pafupi ndi maikolofoni, onse akhale chete masekondi asanu. Ndinayesapo, ndipo wojambula mawu anachotsa mahedifoni n'kundiyang'ana.

Komabe m'bukuli muli zinthu zimene sindizilandira. Holmes atangogwira munthu wake, Doyle akuimitsa nkhani n'kutitengera ku Utah kwa mitu isanu yathunthu. Pa pepala mwina wina angapirire. Pa wailesi mayi amene akumvetsera akusonkha moto akhoza kuganiza kuti sewero latha, layamba lina, n'kutembenuza siteshoni. Ndiponso kuti ayeretse Hope, Doyle anadetsa mpingo wonse wa a Mormon, mpingo wa Drebber ndi Stangerson, kuwalemba ngati gulu la akupha ndi olanda akazi. Chisoni chogula ndi mbiri ya anthu ena n'chotchipa, ndipo ine sindilola kuti chigawenga changa chiyere chifukwa ndanyoza mtundu kapena chipembedzo cha wina.

Chachikulu ndi mathero. Usiku wa tsiku lomwe anagwidwa, asanakaonekere kubwalo la milandu, mtsempha uja ukuphulika ndipo Hope akupezeka atafa m'chitokosi. Woweruza sanatuluke thukuta, wopachika sanagwire chingwe, owerenga apulumuka ku funso loti munthuyu tim'tani. Nanenso ndinabera njira imeneyi. Ndinalemba za mlonda amene anapha bwana wake chifukwa cha mwana wake wamkazi, ndipo kumapeto ndinam'patsa matenda a mtima. Patapita masiku ndili mu minibasi ndinamva amayi awiri akukambirana za sewerolo, osadziwa kuti mlembi ali pampando wakumbuyo atapanikizika ndi thumba la chimanga. Mmodzi anati, "Olembawo anachita mantha, asisi. Akanamusiya wamoyo tione kuti akanamugamula bwanji." Ndinatsika ndisanafike pomwe ndinkapita.

Agatha Christie mu 1934 analimba mtima kuposa pamenepo. Mu Murder on the Orient Express, wophedwayo ndi amene anaba ndi kupha kamwana, akuphawo ndi anthu 12 okhudzidwa ndi malirowo, ndipo wofufuza Hercule Poirot akupereka mayankho awiri, lina loona lina labodza, n'kulola kuti apolisi auzidwe labodzalo. Palibe wodwala mtima. Bola pamenepo wina wasenza chigamulo.

Koma amene ndimabwererako chaka chilichonse ndi kamunthu kena ka Doyle yemweyo, James Ryder, m'nkhani ya The Blue Carbuncle ya mu 1892. Ameneyu sanaphe, ndipo alibe Lucy woti timulilire naye. Ndi wantchito wa pa hotela amene anaba mwala wamtengo wapatali wa mlendo, mlandu n'kuukankhira kwa pulambala John Horner, podziwa kuti anamangidwapo kale ndipo apolisi sadzavutika kukhulupirira. Kuipa kwake n'kwa munthu wamantha. Akuthawira kwa mlongo wake woweta atsekwe ku Brixton Road, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira, aliyense wokumana naye akumuyesa wapolisi. Kuseri kwa nyumba akugwira tsekwe, akum'kanula kukamwa, akukankhira mwalawo kukhosi ndi chala. Tsekweyo akupulumuka n'kusakanikirana ndi anzake, ndipo Ryder akunyamula wolakwika. Pamaso pa Holmes akugwada, akulira, akutchula makolo ake. Holmes akutsegula chitseko n'kumuthamangitsa, powerengera kuti popanda umboni wa Ryder mlandu wa Horner ugwa, komanso kuti ndende ingangomusandutsa mbava yeniyeni.

Hope amafuna kuti tigwirizane naye, ndipo zimenezo zimandichititsa mantha pang'ono, chifukwa kuno tawaonapo anthu akuotcha mnzawo ndi matayala ali otsimikiza kuti akuchita chilungamo. Ryder satipempha kuti tivomereze. Timangomuzindikira, poti ambirife tinagwirapo kanthu kosakhala kathu n'kugona maso ali gwa.

Masiku ano ndimayamba ndi tsamba lomaliza, pomwe wolakwayo akuulula. Ndimalilemba ndisanadziwe n'komwe dzina la wofufuza, ndipo lisapitirire mphindi zitatu. Zotsalazo ndimazimwaza m'sewero lonse, kuti omvera akhale atamumva kale akutsutsana mtengo wa tomato kapena akunyengerera mwana kumwa phala. Wakufayonso ndimam'patsa munthu mmodzi womulira ndi mtima wonse, ngakhale anali woipa chotani, chinthu chimene Drebber sanapatsidwe. Agogo aja anamwalira, koma ndikamaliza tsambalo ndimaliwerenga mokweza ngati ndikuwerengera iwo.

Sewero la mlonda lija ndikulilembanso. Ulendo uno mtima wake uli bwinobwino, ndipo akaima m'bwalo la milandu mkazi wa malemuyo atakhala pa benchi yakutsogolo. Chigamulo sindinalembe, ndili pa tsamba 17.