Mwana wa Kunyanja pa Phiri la Mulanje

Ife obadwira m'mphepete mwa nyanja timadzitama kuti madzi timawadziwa. Tinaphunzira kusambira tisanaphunzire kulemba dzina, ndipo mwera ukamabwera timauzindikira pongoona maonekedwe a nyanja. Ndi mtima umenewu ndinanyamuka ku Mangochi m'mwezi wa July 2024, pamodzi ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 15, kupita kukakwera phiri la Mulanje. Ndinabwerako nditaphunzira kuti madzi a kuphiri ali ndi malamulo awo, ndipo izi n'zimene ndifuna kukusimbirani, owerenga okondedwa.

Tinadzera ku Liwonde, Zomba ndi Limbe, kenaka tinatenga msewu wa Midima mpaka pa Chitakale, pafupi ndi boma la Mulanje. Phirili limayamba kuoneka munthu akadali kutali, litadzuka pakati pa minda ya tiyi ngati chilumba pakati pa nyanja. Nsonga yake yaitali koposa, Sapitwa, ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500. Kuchokera pa Chitakale tinalowa msewu wa ku Phalombe, ndipo titayenda makilomita pafupifupi 10 tinafika pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango. Apa ndi pamene alendo amalembetsa maina ndi kupeza owatsogolera komanso onyamula katundu.

Kunena zoona, ine sindinafune kulipira munthu wotitsogolera. Ndinkati njira ndi njira basi, munthu wamaso sangasokere. Koma a pa ofesi anandiuza za mnyamata wa ku Brazil amene mu 2009 anasiya womutsogolera napita yekha ku Sapitwa, ndipo anapezeka atamwalira patapita masiku ambiri. Nditayang'ana mwana wanga, ndinatulutsa ndalamazo. Anatipatsa mnyamata wa m'mudzi wapafupi, wochepa thupi ndi wosalankhulalankhula, atavala nsapato zothaitha.

Njira zodziwika zokwerera ku chigwa cha Chambe kuchokera pa Likhubula n'ziwiri. Ina ndi ya Skyline, yotsetsereka kwambiri, imene inatenga dzina ku chingwe chimene kale ankatsitsira matabwa kuchokera pamwamba. Ina ndi ya Chapaluka, yotalikirapo, yotsata mtsinje m'nkhalango. Ife tinasankha ya Chapaluka chifukwa imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba.

Titayenda ngati ola limodzi tinayamba kumva mkokomo, ndipo posakhalitsa tinaona mathithi akugwera m'dziwe lozunguliridwa ndi miyala ikuluikulu yosalala. Anthu a kumeneko amasimba kuti makolo ankaona nkhalamba pa dziwepo, ndipo ankathirapo nsembe popempha mvula. Madzi ake anali oyera mbee, koma pakati pake panali bii chifukwa cha kuya. Ndinayamba kuvula malaya. Wotitsogolera uja anati, "Bambo, sambani m'mphepete muno. Pansi pa mathithi musafikepo, anthu odziwa kusambira amirapo." Ndinaseka chamumtima, koma nditangoviika mwendo kuseka kunatha. Madziwo anali ozizira ngati otuluka m'firiji, ndipo msempha wa m'katumba unakokana nthawi yomweyo. Madzi a ku Malindi kapena ku Makanjira amamulandira munthu, awa amam'kana.

Kuchokera pa dziwepo njira inayamba kukwera molimba. Tinayenda pansi pa mitengo yaitali yokutidwa ndi ndere, kudzanja lina kuli phompho limene pansi pake mtsinje unkalira osaoneka. Pamalo ena tinawoloka kamtsinje podumpha pa miyala, madzi osafika n'komwe m'kapolo. Mawondo anga ozolowera mchenga ndi chidikha anayamba kunjenjemera, pamene amayi osenza mitolo ya nkhuni ankatipitirira akutsika, opanda nsapato, akutipatsa moni mwaulemu. Dzuwa litapendeka tinatulukira pamwamba, m'chigwa chachikulu cha udzu, ndipo patsogolo pathu panaima thanthwe la Chambe, lotalika mamita oposa 2,500.

Tili pafupi kufika pa nyumba ya matabwa yogona alendo, wotitsogolera anapatuka pang'ono natiitana. Anationetsa chitsa chachikulu chotuwa, chimene anthu awiri sakanatha kuchikumbatira. Anapala pang'ono ndi mpeni nandipatsa kachibanthu kuti ndinunkhize. Fungolo linandibwezera ku ubwana. Linali fungo la boti la malemu bambo anga, limene ankanyadira kuti ndi la mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene suola msanga m'madzi ndipo chiswe sichiudya. Ndinakula ndikugona m'boti limenelo pokayala makoka, koma sindinaganizepo n'kamodzi komwe za kumene matabwa ake anachokera.

Mkungudza umenewu sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri lokhali. Nkhalango ya Mulanje inayamba kutetezedwa ndi lamulo mu 1927, ndipo mu 1984 mtengowu unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Komabe macheka sanasiye kulira, ndipo moto wolusa unkapsereza timitengo tating'ono chaka ndi chaka. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti pa phiri lonse panatsala mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mwana wanga anandifunsa, "Ababa, ndiye kuti agogo nawonso anadula nawo?" Ndinamuyankha kuti agogo ake sanagwirepo sowo, koma wocheka sakwera phiri ngati kumunsi kulibe wogula. Sitinalankhulenso mpaka tinakafika.

Usiku umenewo kunazizira zoti sindinazionepo. Mlonda wa nyumbayo anatisonkhera moto, tinaphika nsima ndi usipa umene tinanyamula kwathu, ndipo tinagona titavala zovala zonse zimene zinali m'chikwama. Pakati pa usiku chiperoni chinafika. Nkhungu inakuta phiri lonse, ndipo mvula inagwa mosalekeza mpaka m'mawa.

Mvula itachepa tinayamba kutsika, chifukwa ine ndinali ndi ntchito yondidikira kwathu. Titafika pa kamtsinje kaja tinawoloka podumpha dzulo lake, sindinakhulupirire maso anga. Miyala yonse inali itamira, madzi akuthamanga ndi thovu, akugubuduza miyala pansi ndi phokoso longa la mtondo. M'lifupi mwake munali ngati mikono isanu yokha. Ndinapinda buluku ndi kunena kuti munthu amene wapalasa bwato pa mwera sangaope ngalande.

Mnyamata uja anaima patsogolo panga. "Pepani bambo, simuwoloka. Kunyanja munthu akagwa amayandama. Kuno akagwa amamenyetsedwa ku mwala, ndipo kumunsiku kuli phompho." Magazi anawira m'mutu mwanga poona kuti mwana wa msinkhu wa mphwanga wotsiriza akundiletsa pamaso pa mwana wanga. Koma mwanayo anandigwira dzanja nati, "Ababa, tiyeni tidikire." Dzanja lake linkanjenjemera, ndipo sikunali kuzizira kokha.

Wotitsogolera anathyola kamtengo nakazika m'mphepete penipeni mwa madzi, ndipo tinakhala pansi pa thanthwe. Anafotokoza kuti pamwamba pa phirili ndi mwala wokhawokha ndi dothi lochepa, choncho mvula ikagwa madzi amathamangira m'mitsinje nthawi imodzi, koma sachedwanso kuphwa. Anati agogo ake ankasimba kuti pamene mitengo inali yambiri, mitsinje sinkadzaza mwaukali chotere, ndiponso sinkachepa kwambiri m'chilimwe. Anatchulanso za napolo amene anasesa midzi ku Phalombe mu March 1991, ndi zipsera zofiira zimene namondwe Freddy anasiya m'mbali mwa phiri mu March 2023. Titakhala maola atatu, kamtengo kaja kanali pouma, mitu ya miyala itaonekera. Tinawoloka titagwirana manja, iye ali pakati. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzi amenewa si achilendo kwa ife. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imatsikira ku nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba amene timagula m'misika. Ruo amagwa m'chigwembe chakuya cha kum'mwera kwa phirili, nakakumana ndi Shire pa Chiromo, Shire yemwe uja timamuona akutuluka m'nyanja yathu pa Mangochi. Choncho phiri likadwala, ndi ambiri odzamva kupweteka. Chotonthoza mtima n'chakuti bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira, akhala akufesa ndi kubzala mbande za mkungudza zikwizikwi, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali pa dziko lonse. Koma mtengowu umatenga zaka makumimakumi kuti ukule, ndipo amene adzaone mthunzi wake ndi zidzukulu zathu.

Kwa inu amene mukufuna kupita ndi banja lanu, sankhani miyezi ya pakati pa May ndi October, pamene mvula yaikulu kulibe, komabe nyamulani majuzi, bulangeti ndi chodziteteza ku mvula, pakuti chiperoni sichitumiza uthenga. Nyamulaninso chakudya cha tsiku limodzi lapadera. Lembetsani pa ofesi, tengani wokutsogolerani, ndipo akati imani, imani. Wina akakutsatsani thabwa kapena kabokosi ka mkungudza m'mbali mwa msewu, kumbukirani chitsa chija.

Posiyana pa Likhubula ndinam'gwira chanza mnyamata uja ndi manja awiri, ndipo ndinam'pepesa. Iye anangomwetulira nati tsiku lina akadzabwera kunyanja ndidzam'phunzitse kupalasa bwato, pakuti sanakwerepo. Kachibanthu kaja mwana wanga anakasunga m'thumba la malaya, ndipo mpaka lero kali pa windo la chipinda chake, kakununkhirabe.