Mandasi a Mphako ndi Nandolo wa Kwathu

Ambirife timayesa mandasi ndi athuathu, obadwira pa depoti ya basi kapena pa geti la sukulu, m'chidebe cha pulasitiki chovundikira ndi kansalu. Komatu dzina lokhalo likuulula kuti anachita kubwera. Aswahili amati mandazi, ndipo m'mphepete mwa nyanja yamchere, ku Mombasa, Lamu ndi Zanzibar, kuli mtundu wina umene amautcha mahamri. Umenewo ndi umene ndimakazinga kunyumba Lamlungu m'mawa ndikakhala pa holide. Anandiphunzitsa ndi azakhali anga amene anakhala zaka zambiri ku Mombasa.

Mandasi a kuno ambiri ndi obulungira, olemera, odzaza mkati. Mahamri ndi a ngodya zitatu, opepuka, ndipo ukang'amba limodzi umapeza mkati muli mphako. Amakandira mkaka wa kokonati m'malo mwa madzi, n'kuthiramo timbewu tonunkhira totchedwa iliki, timene kuno mungatipeze m'masitolo a amwenye ku Limbe. Kumeneko kokonati amamupala ndi kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo, ndipo kampandoko dzina lake ndi mbuzi. Azakhali atanena koyamba kuti mbuzi yawo anaisiya ku Kenya chifukwa sinakwane m'chikwama, ana tonse tinafa nacho chiseko. Ife timangogula kokonati wa ufa m'kapaketi n'kusungunula m'madzi ofunda.

Ntchito imayamba dzulo lake. Loweruka dzuwa likalowa, Sabata litatha, ndimatenga makapu 3 a fulawa, masupuni akulu 4 a shuga, kasupuni ka yisiti, kasupuni ka iliki wosinja ndi kapu imodzi ya mkaka wa kokonati. Kukanda ndiye pagona nkhani. Mphindi 15 zathunthu, mpaka mtanda uleke kumata m'manja, usalale ngati tsaya la khanda. Ndikavundikira beseni ndi chitenje ndimakagona. M'miyezi yotentha ngati Okutobala ndimachepetsa yisiti, apo ayi kukamacha mtanda umakhala utasasa. Alipo amene amathira beking'i pauda kuti zithe msanga. Zimadyeka ndithu, koma amenewo ine sindiwatcha mahamri. Fungo lija silibwera ndipo mphako imakhala yongonamizira.

M'mawa ndimagawa mtandawo panayi, chigawo chilichonse n'kuchipsinja ndi botolo mpaka chikhale ngati mbale yaphwatalala, kenako n'kudula mopingasa kawiri. Zidutswa zimakwana 16. Mafuta m'chiwaya ayenera kutentha bwino: ndikaponyamo kachibenthu kayandame nthawi yomweyo. Chidutswa chikangolowa ndimachiwaza mafuta pamwamba ndi chipande, ndipo chimafufuma maso akuona, chifukwa nthunzi yatsekeredwa mkati ndipo ikukankha khungu mbali zonse. Mafuta akakhala ozizira chidutswa chimangogona pansi n'kumamwa mafutawo ngati thonje. Pa mbaula pamafunika maso, pakuti makala sakhala ndi moto umodzi.

Chimene chinandisintha maganizo si kukoma kwake, koma ntchito ya mphakoyo. Kwa Aswahili mahamri sayenda okha. Mnzake ndi mbaazi za nazi, ndiye kuti nandolo wophikira mkaka wa kokonati. Munthu amang'amba ngodya imodzi, n'kuthira nandoloyo m'mphako, n'kudya ndi manja. Nandolo yemweyu amene wadzaza m'minda ya ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Zomba, amene mavenda amagula motchipa kukamutumiza ku India, anzathu amadzukira m'mawa. Ife tinatengako mandasi okha, ndiwo yake tinaisiya m'njira, chonsecho ndiwoyo timalima tokha kuseri kwa nyumba.

Kwathu izi si nkhani yamasewera. Lamlungu ndi tsiku la ntchito: kuchapa, kudimba, kuumba njerwa. Azing'ono anga akadya mandasi okhaokha, ngakhale asanu aliyense, ikamakwana 10 koloko amakhala akuzungulira kukhitchini, mawondo ali zii. Ufa woyera, shuga ndi mafuta sizikhalitsa m'mimba. Koma awiri okha othira nandolo amawafikitsa masana popanda kudandaula. Nandoloyo ndimamunyika usiku womwe uja, m'mawa n'kumuwiritsa mpaka afewe, kenako anyezi, mchere ndi mkaka wa kokonati wotsala, n'kusiya msuzi ugwirane.

Ndikudziwa kuti pakati pa owerenga alipo amene akwinya kale nkhope pomva za chokazinga m'mawa. Sindikuwatsutsa kwenikweni. Chakudya chomira m'mafuta sichoyenera tsiku ndi tsiku, ndipo botolo la mafuta masiku ano siligulika mwachisawawa. Amayi amaliyang'ana ndi diso limodzi nthawi yonse ndili pa chiwaya. Kungoti amene amakazinga yekha amadziwa msinkhu wa mafuta ake. Ena a m'misika amakazingira mafuta omwewo mpaka ade ngati oyilo wa galimoto, ndipo timagula osafunsa. Ine ndimawasefa, ndimaphikira ndiwo sabata imeneyo, basi athera pomwepo. Komanso nandolo akakhalapo mandasi amadyedwa ochepa, moti zidutswa 16 zimakwanira banja la anthu 7 n'kutsalako ziwiri.

Amene sanagonjebe ndi bambo. Iwo amati nandolo ndi ndiwo, ndipo ndiwo popanda nsima n'kuwononga. Mahamri amadya ndithu, awiri, ndi mkaka wotentha, ndipo amayamikira fungo la iliki. Koma nandolo wawo amauza amayi kuti awaikire padera m'kambale, n'kuitanitsa mkute wa dzulo.