Dokotala Wosabaya Jekeseni

M'mabanja ambiri mwana akavala mkanjo wa ku yunivesite timaŵerenga kuti ulendo wa sukulu watha, chatsala ndi nchito ndi banja. Tsono mwana yemweyo akabwera nanena kuti afuna kubwerera ku sukulu zaka zina zitatu kapena zinai, makolo amadabwa, ndipo ena amapsa mtima. Ife tili pakati pa nkhani yotere. Mwana wathu wamkazi, amene agwira nchito yolinganiza malo m'khonsolo ina kuno ku chigawo cha kumwera, ali ndi madigiri aŵiri kale, ndipo watumiza makalata opempha thandizo la ndalama kuti akaphunzire digiri ya PhD pa za kakonzedwe ka malo ndi chilengedwe. Agogo ake atamva anamfunsa kuti, "Nanga iwe udzakhala dokotala wa matenda anji?" Iye anati, "Agogo, jekeseni sindidzabaya. Ndifuna kudziŵa malo oyenera kumangapo ndi malo oyenera kuwaleka."

Yankho limeneli ndi lalifupi, koma nchito yake ndi yaikulu. Olinganiza malo ndiwo amene amalangiza poyenera kupita mseu, poyenera kukhala msika, kotayira zinyalala, ndiponso dambo, nkhalango kapena gombe la mtsinje limene munthu sayenera kulikhudza. Malamulo ake alipo: la kakonzedwe ka malo linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo la kasamalidwe ka chilengedwe mu 2017. Komabe m'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chonse cha kumwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusoŵa. Chaka cham'mbuyo mwake, mu January 2022, namondwe wa Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira, dziko nkukhala mu mdima miyezi yambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali anthu oposa 17 miliyoni, ndipo onseŵa afuna pogona, polima ndi nkhuni, pamene dziko silikula.

Funso limene mwana wathu afuna kufufuza ndi ili: nchifukwa ninji anthu amene anasamutsidwa m'malo oopsa amabwereranso komweko? Pakhonde yankho silisoŵa. Timangoti ndi kusamva. Koma iye wayenda m'malo amenewo pa nchito yake, ndipo akuti nkhaniyo siili choncho. Mai wogulitsa tomato mu Limbe sangakhale kutali kumene ndalama ya minibasi idzadya phindu lake lonse. Puloti ya m'mbali mwa phiri ndiyo yokha imene mlonda wa usiku angathe kugula. Ku Nsanje ndi ku Chikwaŵa madzi osefukira omwewo amene agumula nyumba ndiwo asiya chonde m'madimba, ndipo malo a kumtunda kumene anthu auzidwa kupita kaŵirikaŵiri ali ndi eni ake kale, kapena alibe mjigo ndi sukulu. Zonsezi iye azidziŵa ndi maso, koma boma silingasinthe ndondomeko chifukwa cha zimene mtsikana mmodzi anaona. Pafunika umboni wosonkhanitsidwa mwa dongosolo, woyesedwa ndi akatswiri ena. PhD ndiyo imeneyo: munthu saphunzira m'kalasi monga ku sekondale, koma atenga funso limodzi nalitsata kufikira atapeza chimene sichinadziŵike.

Ife tinazizwa ndi kutalika kwa njira yopempherayo. Choyamba si ndalama ai, koma mphunzitsi wamkulu amene avomere kuyang'anira kafukufukuyo. Mwana wathu anaŵerenga zolemba za aphunzitsi a m'mayunivesite osiyanasiyana, nalembera okhawo amene nchito yao ifanana ndi funso lake. Ambiri sanayankhe. Mmodzi wa ku Britain anayankha, koma anabweza chikalata cha kafukufukucho chili chofiira ndi zokonza. Anati funsolo lakula kopambana, pakuti linatenga Blantyre yense pamodzi ndi chigwa chonse cha Shire, ndipo munthu mmodzi sangamalize zimenezo m'zaka zitatu. Tinamuona mwanayo usiku ndi usiku, magetsi atazima, akudula ndime zimene anazikonda, kufikira patatsala malo aŵiri okha oŵayerekeza. Ife tiyesa kuti pamenepa ndi pamene anaphunzira zambiri, ngakhale thandizolo litapanda kubwera.

Thandizo limene walipempha ndi la Commonwealth, limene linayamba mu 1959. Kwa wophunzira wa PhD limalipira sukulu zaka zitatu, ndege, ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi yodyera ndi yogonera. Ofuna kuthandizidwa apereka kalata ya mphunzitsi amene wavomera kuwayang'anira, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi ao akale, zikalata zoonetsa mmene anakhozera, ndi malongosoledwe a mmene maphunzirowo adzapindulira dziko lao. Alonjezanso kuti akamaliza adzabwerera kwao. Alipo mabungwe enanso, monga DAAD la ku Germany, ndipo kuno kwathu mayunivesite monga a Mzuzu ndi LUANAR amaphunzitsanso PhD. Sitikhulupirira kuti digiri ya kunja iposa ya kwathu chifukwa chokwera ndege. Chimene chimatsogolera ana ambiri kunja ndi chakuti kumeneko ndiko kumene kwapezeka wolipira.

Apa tilankhule ndi makolo anzathu. Mau akuti "maphunziro aulere" asatinamize. Thandizo lisanabwere, banja liyenera kupeza ndalama ya pasipoti, ya intaneti, ya kusindikiza ndi kutsimikizira zikalata, ndiponso ya mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS amene mayunivesite ambiri amafuna. (Zimatiŵaŵa pang'ono kuti mwana amene waphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulaimale alipire ndalama zochuluka chotere kuti atsimikize kuti chinenerocho achidziŵa; koma mlendo sasintha malamulo a mudzi wa eni.) Ndipo kwa inu achinyamata: munthu wa pa WhatsApp kapena Facebook akakuuzani kuti mumtumizire ndalama kuti akusungireni malo a sikolashipu, ameneyo ndi mbala. Mabungwe oona sagulitsa malo.

Mtengo wina suŵerengedwa ndi ndalama zokha. Malipiro a mwana wathu ndiwo akhala akuthandiza fizi ya mlongo wake wamng'ono, ndipo akapita katunduyo abwerera pa mapewa athu, ife amene tili pafupi kupuma nchito. Achibale nawonso sakhala chete. Azakhali ake anatiitanira pambali natiuza kuti, "Achimwene, mwanayu wapitirira zaka makumi atatu, mabuku ameneŵa adzamkwatira?" Sitinawanyoze, pakuti ananena mwa chikondi, ndipo nafenso timalakalaka zidzukulu. Koma tinawakumbutsa kuti mwana wamwamuna akadapempha zomwezi, palibe akadafunsa funso limenelo.

Nkhaŵa imene sitiinena kaŵirikaŵiri ndi ya kubwerera. Tidziŵa mabanja amene ana ao anapita zaka zitatu, ndipo tsopano zapita khumi. Amatumiza ndalama mokhulupirika, koma nzeru zao zitumikira mizinda ya ena. Sitiwaweruza, chifukwa munthu wobwera ndi PhD nthaŵi zina apeza desiki yake yakale ndi malipiro akale, ndiponso akuluakulu amene safuna kumva kuti puloti imene agaŵa ili m'njira ya madzi. Lonjezo la pa pepala silingamange munthu wamkulu. Chimene chititonthoza ndi chakuti kafukufuku wake adzambweza kuno miyezi yambiri pakati pa maphunziro, kukakhala pa mphasa ndi amai a ku Chilobwe ndi mafumu a ku Nsanje, ndipo tiyembekeza kuti anthu amenewo sadzamlola kuwaiŵala msanga.

Makalata anapita kale. Opempha ndi ambiri ndipo malo ndi ochepa, kotero yankho lingathe kukhala lokana, ndipo lidzatenga miyezi. Mwana wathu watiuza kuti akakanidwa adzapemphanso chaka chamaŵa, kwina kapena komweko. Popeza zotsatira za IELTS zigwira nchito zaka ziŵiri zokha, wayamba kale kuika padera kandalama mwezi uliwonse, ndipo mai ake aonjezapo za nkhuku zimene anagulitsa.