Dothi, Chileyi ndi Anthu a pa Mabenchi

Ntchito yanga imayamba anthu asanagule matikiti, ndipo ikayenda bwino palibe amene amaiona. Ndimakonza bwalo limene mathirakitala ndi magalimoto amapikisaniranapo kukoka katundu wolemera, kuno kumpoto chakumadzulo kwa Ohio, ku America. Usiku wa mpikisano ndimakwera pa chileyi chokokedwacho n'kukhala m'kachipinda kake kumbuyo, chala chili pafupi ndi batani lozimitsira injini ya munthu wina. Bambo anga ankagwira ntchito yomweyi pa zionetsero zaulimi za m'maboma ang'onoang'ono, ine ndikuwanyamulira fosholo. Lero imvi zandikwana m'mutu, ndipo chimene chimandisowetsa tulo ndi mabenchi aja: adzakhalepo ndani ife tikadzatsamira mkono?

Kwa amene sanaonepo, masewerawa ndi osavuta kuwafotokoza. Bwalo ndi ladothi, lowongoka, ndipo kuyambira kale mulingo wake ndi mafiti 300, omwe ndi mamita pafupifupi 91. Anzathu a ku Ulaya amayeza mamita 100. Thirakitala imabwerera chambuyo, timaikola ndi tcheni ku chileyi, wambendera amakweza yobiriwira, basi woyendetsa amatsegula mafuta onse. Amene wakoka mtunda wautali ndiye wapambana. Akafika kumapeto angapo, timawonjezera kulemera n'kuwabwezanso kuti alimbane okhaokha. Kukoka kumodzi kwa makina akuluakulu sikutha ngakhale theka la mphindi. Munthu amakhala miyezi yonse yachisanu m'galaja, ndalama zikutuluka ngati madzi, kukonzekera masekondi ochepawo.

Chinsinsi chonse chili pa chileyi, chimene kuno timachitcha sled. Ndi ngolo yaitali yachitsulo. Kumbuyo kuli matayala, kutsogolo kuli chimbale chachitsulo chokhudza pansi. Pamwamba pali bokosi lodzaza zitsulo zolemera matani ambiri, lokhala pa njanji. Poyamba bokosilo limakhala pamwamba pa matayala, choncho chileyi chimayenda mopepuka. Matayala akamazungulira, magiya amalikankhira kutsogolo pang'onopang'ono, kulemera kumachoka pa matayala kupita pa chimbale, chimbale chimayamba kuluma dothi n'kumaunjika mulu patsogolo pake, mpaka thirakitala ija, ngakhale ikulira chotani, imangokumba pamalo amodzi. Ine ndi amene ndimasankha kuchuluka kwa zitsulo ndi giya yoyendetsera bokosi. Ndikapepusa, onse amafika kumapeto ndipo mpikisano sukoma. Ndikalemeza kwambiri, onse amafera pakati ndipo anthu amaona ngati awabera ndalama. Ndimafuna kuti awiri kapena atatu okha aponde mzere womaliza, enawo agwere pafupi pomwepo.

Chileyi chotere ndi cha m'badwo wa bambo anga. Agogo anga ankasimba za nthawi imene alimi ankapikisana ndi mahatchi, akumangirira chitseko cha khola kapena thabwa lalikulu kumbuyo. Mathirakitala atabwera, njira inali yomweyo: amuna ankaima m'mbali mwa bwalo motalikirana bwino, ndipo chileyi chikamadutsa aliyense ankalumphirapo, katundu n'kumalemererabe. Ndimaikumbukira kawirikawiri nkhani imeneyi. Masiku amenewo owonerera ndiwo anali katundu wake. Munthu ankamva kunjenjemera kwa chitsulo kumapazi kwake, ankadziwa kuti thupi lake ndi limene laimitsa thirakitala ya mnansi wake, ndipo ankakasimba zimenezi chaka chonse. Liwiro litakula, zimenezo zinakhala zoopsa, ndipo n'zoona zinayenera kutha. Tinapanga bokosi loyenda lokha, anthu tinawakweza pa mabenchi kuseri kwa mpanda. Miyendo yawo tinaipulumutsa, koma tinawatalikitsa.

Kwa zaka zambiri kutalikirako sikunativute, chifukwa aliyense wokhala pa benchi anali mlimi kapena mwana wa mlimi. Bungwe la National Tractor Pullers Association linakhazikitsidwa mu 1969 kuti malamulo akhale amodzi m'madera osiyanasiyana. Mpikisano waukulu wa ku Bowling Green, pafupi ndi kwathu kuno, unayamba mu 1967 ndipo umachitikabe mwezi wa Ogasiti uliwonse, anthu n'kumagona m'misasa masiku angapo. Ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky, amakokera m'nyumba, mu Freedom Hall, mwezi wa Febuluwale pa chionetsero cha makina aulimi. Mu 1977 masewerawa anaoloka nyanja n'kukaonetsedwa ku Netherlands, ndipo anamera mizu kumeneko. Anthu a nthawi imeneyo sankafuna wowafotokozera. Wa John Deere ankavala zobiriwira, wa International Harvester zofiira, wa Allis-Chalmers zaolenji, ndipo mkangano wa mitunduyi unkayambira pa tebulo la chakudya kunyumba. Koma mafamu m'dziko muno anali pafupifupi 6.8 miliyoni mu 1935, ndipo kalembera wa 2022 anapeza pafupifupi 1.9 miliyoni okha. Ana ambiri amene amabwera ku chionetsero lero sanagwirepo chiwongolero cha thirakitala. Kwa iwo zobiriwira ndi zofiira ndi penti basi.

Ife a m'masewerawa tinayankha ndi chimene timachidziwa: mphamvu. Tinaika ma turbo atatu kapena anayi pa injini imodzi ya dizilo. Tinamanga makina okhala ndi injini za Allison zochokera mu ndege za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ena injini za helikopita, ena injini zinayi kapena zisanu za magalimoto othamanga pa chimango chimodzi, zikumwa methanol. Sindikunyoza ayi. Ikadzuka imodzi mwa zimenezi, chifuwa chako chimalira ngati ng'oma, ndipo utsi wakuda wa dizilo ukaima njo kumwamba ngakhale ine wokalamba ndimamva tsemwe. Phokoso limabweretsa munthu kamodzi. Ndinkaganiza kuti limamubweretsanso kachiwiri, mpaka usiku wina pa chionetsero china chaching'ono chimene sindichitchula.

Tsiku limenelo cholakwa chinali changa. Dothi lathu ndi lamakande, la dambo lalikulu limene makolo anaumitsa n'kusandutsa minda, ndipo limafuna ulemu. Masiku angapo mpikisano usanachitike ndimalitipula mozama, ndimathira madzi usiku kuti alowe osauma ndi dzuwa, ndimatembenuza, ndimathiranso, kenako ndimapsinja ndi chigudumu chamano. Muyeso wanga ndi dzanja: ndikafumbata, dothi ligwirane ngati nsima yapoto wabwino, lisamate m'zala, lisayoyoke. Likauma, matayala amangozungulira ndipo fumbi limakwirira mabenchi. Likanyowa kwambiri, limaterera ngati sopo. Sabata imeneyo ndinadalira mvula imene inalonjezedwa koma sinagwe, ndipo ndinachedwa kuthira madzi. Pamwamba panaoneka bwino, pansi panali pouma gwa. Thirakitala iliyonse inkasiya maenje awiri ofika m'mawondo, ndipo kuwakwirira kunkatenga nthawi. Kenako imodzi inathyola chitsulo pakati pa bwalo, mafuta n'kutayikira, yokokera kunja inali kutali. Ndili m'kachipinda kanga ndinaona mabanja akutsika pa mabenchi, ana atagona pamapewa, gulu la makina akuluakulu lisanalowe n'komwe.

Ndikutsika usiku womwewo, mayi wina anandiimitsa pa mpanda, kamnyamata kali kudzanja. Anati, "Pepani bambo, ndifunse nawo. Kodi imaima chifukwa chiyani? Woyendetsayo amaponda buleki, kapena ndinu mumamuimitsa?"

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma ndinaona kuti akufunsa zenizeni. Anakhala pa benchi maola atatu, atalipira tikiti, osadziwa kuti bokosi limayenda. Palibe anawauza. Wolengeza wathu usiku wonse ankatchula mayina a makampani otithandiza ndi nthabwala zimene amazimva ndi a m'galaja okha. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndinawalowetsa, ndinawaonetsa njanji, bokosi ndi chimbale, kamnyamata kaja ndinakakweza pa mpando wanga. Mayiwo anayang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Ndiye kuti palibe amene amachigonjetsa chinthuchi. Amangopikisana kuti agonje mochedwa ndani." Zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi sindinamvepo wina akufotokoza bwino chotero.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kagwiridwe ka ntchito, ndipo ndinayamba ndi mbali imene ili m'manja mwanga: nthawi ya pakati pa kukoka kumodzi ndi kotsatira. Wokonda masewerawa amaipirira, amacheza ndi mnzake, amakangana za matayala. Watsopano saipirira. Tsopano thirakitala ikangoima n'kumasulidwa, ine ndimabweza chileyi ndi injini yake, kumbuyo kwanga chosalaza chalowa kale, chigudumu chikutsatira, ndipo wokoka wotsatira ali pamzere injini itatentha. Yokokera zowonongeka imakhala yoyaka, tcheni chili chokonzeka. Pamene bwalo ndi lalikulu timakonza njira ziwiri ndi zileyi ziwiri, kuti kwina kukusalazidwa kwina akukoka. Anyamata anga ndimawauza kuti mphindi zitatu zikadutsa pabwalo popanda choyenda, banja limodzi lanyamuka.

Chachiwiri ndi pakamwa. Ndinakhala pansi ndi wolengeza n'kumupempha kuti usiku uliwonse, tisanayambe, tiyendetse chileyi pang'onopang'ono pamaso pa anthu, iye akufotokoza. Bokosi tinalipaka utoto wowala kuti lizioneka kuchokera pa benchi yapamwamba. Amawauza chifukwa chimene oyendetsa amayendera pabwalo wapansi asanakoke, akuponda dothi ndi chidendene, kufuna mzere umene sunafukulidwe. Amawauza kuti zitsulo zimene akuona zikusunthidwa kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo si zokongoletsa: kutsogolo kukalemera matayala akumbuyo sagwira, kukapepuka mutu umadzuka kwambiri ndipo thirakitala imayamba kupita kumene ikufuna, woyendetsa n'kumaiwongola ndi mabuleki a tayala limodzilimodzi. Amawauza kuti mano a matayala amachita kusemedwa ndi manja. Amawauza za kachingwe kamene kamachoka pa chileyi changa kupita ku injini, koti tcheni chikaduka injini izime yokha. Munthu akadziwa zimenezi amayamba kulosera, ndipo wolosera sachoka asanaone ngati walondola.

Chachitatu chinali chovuta, chifukwa chimakhudza mtima wa eni makina. Ambiri ndi alimi ndi amakanika amanyazi, okonda sipanala kuposa moni. Tinawapempha kuti masana, mpikisano usanayambe, malo okonzera makina akhale otsegula, mabonati atakwezedwa, ndipo mwana akafuna kukhala pa mpando amukweze. Ena anang'ung'udza kuti zala za ana zidetsa penti. Mmodzi wa iwo lero amasunga bokosi la zotseka m'makutu zoti azigawira ana, ndipo akamakoka amamva timawu tikutchula dzina la thirakitala yake. Timayambanso ndi magulu amene munthu wamba angalowemo: mathirakitala akale ochokera kumunda, timathirakitala totchetchera udzu, mapikapu a dizilo amene eni ake abwera nawo kuchokera kuntchito. Anyamata a m'tauni sadziwa International Harvester, koma mkangano wa Ford, Chevrolet ndi Ram amaudziwa bwino, ndipo amabwera ndi anzawo odzaza galimoto kudzachemerera mmodzi wa iwo. Ana aang'ono timawapatsa timathirakitala topalasa ndi miyendo, tokoka kachileyi kokhala ndi kabokosi koyenda ngati kanga. M'mera mpoyamba. Mwana amene wamva kachileyi kakumulemera m'ntchafu sadzafunsanso chifukwa chimene thirakitala imaimira.

Mdzukulu wanga amandiseka kuti ndine wakale. Iye amajambula ndi foni n'kuika pa YouTube ndi pa Facebook, ndipo tsiku lina anandionetsa kakanema ka injini itaphulika kamene kanaonedwa ndi anthu ambirimbiri. Anati, "Agogo, apa ndiye pali anthu." Ndinamuyankha kuti ajambule ndithu, koma ajambulenso manja a mwini injiniyo mawa lake, akutola zidutswa, mnzake wopikisana naye atamubwereka zida kuti akokenso usiku. Kanema amaonetsa moto, koma sanyamula fungo la methanol lotulutsa misozi, kapena kugwedezeka kwa benchi pansi pako. Ntchito ya kanema ndi kumufikitsa munthu pa geti. Akalowa, ali m'manja mwa ine ndi dothi langa.

Chaka chathachi tinabwereranso ku chionetsero chija. Madzi ndinayamba kuthira Lolemba, osamveranso za mvula. Loweruka usiku bwalo linagwira bwino, matayala akusiya mizere yonyezimira. Pakati pa gulu la dizilo, ndikubweza chileyi kumzere woyambira, ndinaponya maso pa mabenchi ndipo ndinawaona mayi aja. Kamnyamata kaja kanali katatalika, kali ndi zotseka m'makutu. Pambali pawo panali bambo wina amene ndinali ndisanamuonepo, atavala nsapato zoyera za m'tauni. Mbendera yobiriwira itakwera, mayiwo sanayang'ane utsi ngati anthu ena onse. Anamugwira bamboyo pamkono, chala chili pa bokosi langa, n'kumalitsatira likukwera njanji, pakamwa pawo pakuyenda. Mawu sindinawamve chifukwa cha injini. Thirakitala itaima patatsala mafiti ochepa, bamboyo anadzuka pa benchi, manja ali kumutu, kenako anakhalanso pansi kudikira yotsatira.