Madzulo a Mwana wa Sukulu

Madzulo a tsiku ndi amodzi okha, koma pa nyumba ya atsibweni ku Matero anali kulimbirana madzulowo atatu: cimangirizo, gitala ndi wailesi ya kanema. Ine ndinali fupa pakati pa agalu.

Wailesiyo atsibweni anaigula akali kugwira nchito ya migodi ku Kitwe, kumene kanema anayambira m'dziko muno caka ca 1961. Inali ya msana waukuru ngati nkhokwe, ndipo sinali kuonetsa cithunzi munthu asanaimenye khofi pambali. Iwo anali kuilemekeza kwambiri, naifunditsa nsaru yoluka usiku uli wonse. Tsoka lace, gome langa lolembera linali m'cipinda comweco. Ndikati ndilembe, maso anali kuthawira ku kanema. Ndikaturuka panja kuti ndiwapumitse, dzanja linali kufuna gitala. Motero cimangirizo cimene aphunzitsi anatipatsa Lolemba ndinali kucilemba Lacisanu m'mamawa, ndiri ciimire.

Tsiku lina cinabwerako cofiira ndi inki ya aphunzitsi. Atsibweni anaciwerenga kawiri, nati, "Mphwanga, kodi amai ako alikulima thonje ku Katete kuti iwe uziliza nsambo? Mayeso akakukanika, gitalayi ndidzaigulitsa." Za wailesi yao sanachule kanthu, ndipo ine ndinalibe mtima wakuwakumbutsa.

Cimene cinandiombola ndico cilala ca 2024, ngakhale ndicita manyazi kutero, pakuti cinasautsa anthu ambiri. Madzi atacepa pa Kariba, magetsi anayamba kuzima usana ndi usiku, ndipo wailesi ija inangoti duu. Atsibweni, posowa copenya, anati, "Tabwera nayo gitala yako ija." Ha! Sindinadziwe konse kuti zala zao zidziwa nsambo. Anaimba nyimbo za Alick Nkhata, amene mau ace anali kumveka pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950. Anasimbanso za kawailesi kaja konga poto, kamene kanayamba kugulitsidwa caka ca 1949. Atate ao anali nako, ndipo mudzi wonse unali kusonkhana pabwalo kudzamvera. Pofika pa nthano za Julius Chongo za Poceza m'Madzulo, anayesa mau a fisi mpaka ana a nyumba yoyandikana anadzaunjikana pakhomo.

Usiku womwewo ndinayatsa kandulo ndi kulemba zonse zimene ndinamva, osayang'ana kumbali. Cinali cimangirizo canga coyamba kutha tsiku lace lisanafike, ndipo aphunzitsi anaciwerenga pamaso pa kalasi lonse. Gitala sinagulitsidwe.

Tsiku limene magetsi anayaka madzulo, atsibweni anafundukula wailesi yao naimenya khofi monga kale. Ine ndinasenza gome langa kunka nalo kukhichini.