Ku Garden, Yesani Mashini Musanalipile

Mukaloŵa mu Katima Mulilo Road ku Garden, makutu ndiye azakuuzani kuti mwafika. Ma grinder alila, moto ung'anima, mageti na ma window frame aimilila m'mbali mwa mseu. Anyamata ambili a mu Lusaka anaphunzilila kuno kuwelda. Ngati ndalama ni zing'ono, mashini ya second hand funsilani kuno.

Muzapeza mitundu iŵili. Transformer ni yolema, imadya malaiti maningi, koma imakhala zaka, ndipo ikapsa amaikulunganso waya. Funsani ngati mkati muli kopa kapena aluminiyamu, cifukwa kopa ndiye ilimba. Inverter mungakwele nayo minibasi, koma board ikafa, kukonza kumadula.

Osalipila musanayese. Nyamulani ma rod a 2.5 na 3.2, muwoche angapo motsatizana. Ikazima, ikanunkha kupsa, kapena fani ikakana kuzungulila, ndalama ibwelele m'thumba. Onani futi ma cable na earth clamp. Wogulitsa akakana kuti muyese, kapena mtengo ukachipa maningi, cenjelani: katundu wakuba uzakugonekani mu cell.

Manje musatsilize zonse pa mashini. Siyankoni ya helmet na magilovu, mudala. Maso alibe spare.